Fomu ya koleji ikufunsa za mlandu wa 2014: ndichonge inde kapena ayi?

Bambo a Tadala, admin (Randburg): Abale, mwaswera bwanji. Mlongo wathu wina wanditumizira uthenga kumbali ndipo sakufuna dzina lake lioneke. Tizingomutchula kuti Nabanda, mayankho ake azidzera mwa ine. Wonyoza aliyense ndimutulutsa osafunsa. Uthengawo ndi uwu:

"Ndine mayi wa zaka 36, kwathu ndi ku Balaka, kuno ku South Africa ndinabwera mu 2012. Ndakhala ndikulera ana m'nyumba za anthu, ndipo zaka zinayi zapitazi ndikuthandiza pa kireshi ina ku Turffontein. Abwana akuti ndikapeze pepala la uphunzitsi wa ana aang'ono kuti andikweze. Koleji ndaipeza, MSCE yanga a SAQA, bungwe loona masatifiketi a sukulu, anaiona kale, mapepala okhalira kuno ali bwino poti bambo a kunyumba ndi a konkuno. Chandiimitsa ndi funso limodzi pa tsamba lachitatu la fomu, lofunsa ngati ndinapezekapo wolakwa pa mlandu uliwonse. Mu Malichi 2014 ndinagwidwa m'shopu ina m'tauni nditabisa chitini cha mkaka wa mwana ndi sopo m'chikwama. Sindikana, ndinaba. Ndinagona m'chitokosi usiku umodzi, anandidinda zala, m'mawa wapolisi anati ndikalipira R500 nkhani yatha. Achemwali anga analipira, ndinasaina kapepala, ndinapita kunyumba. Kukhoti sindinapondeko, majisitireti sindinamuone. Ndiye ndichonge inde kapena ayi? Mafomu atseka pa 30 Seputembala. Amuna anga nkhaniyi saidziwa."

Che Jafali (Mayfair): Asisi, chongani ayi basi. Funso likuti munapezeka wolakwa. Anakupezani wolakwa ndani poti kukhoti simunapite? Imene ija inali ya fanta ya wapolisi. Musadzitchere msampha nokha.

Mayi a Chisomo (Cosmo City): Ine ndikungomva chisoni. Mkaka wa mwana abale. Mulungu anakukhululukirani kalekale mwana wanga, musadziweruzenso.

Gondwe wa thiraki (Diepsloot): Che Jafali, mawu amenewo ndi omwe anandipweteka ine. Mu 2017 tinamenyana ndi mnyamata wina pa renki, nkhani ya chenji. Kupolisi anandiuza chimodzimodzi, lipira R300 uzipita. Ndinasangalala kuti ndapulumuka. Patapita zaka ziwiri ndikufuna chilolezo cha PrDP choti ndiziyendetsa galimoto zazikulu, anandidinda zala, pepala kubwera lili ndi mlandu womenya munthu, tsiku, nambala ya mlandu, zonse. Ine kukakamira kuti sindinapite kukhoti, mayi wa pa kauntala anangondiyang'ana ngati ndapenga. Ntchito imene ndinailonjezedwa inapita kwa wina. Mlandu suola.

Che Jafali (Mayfair): Koma a Gondwe inu munamenya munthu. Awa ndi sopo.

Gondwe wa thiraki (Diepsloot): Kompyuta ya ku Pretoria sidziwa kuti sopo ndi wotchipa achimwene.

Mphatso (Braamfontein): Ndiloleni ndifotokoze pang'ono. Sindine loya, koma ndimagwira ntchito mu ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo ndipo nkhani ngati iyi timaiona pafupifupi sabata iliyonse.

Kapepala kamene a Nabanda anasaina kaja, ngati ndi kamene ndikuganiza, ndi ka chindapusa chovomera mlandu. Apolisi amakatchula J534, ndipo kamachokera mu gawo 56 ndi 57 la Criminal Procedure Act ya 1977. Ukasaina n'kulipira, mapepala amapita kwa kalaliki wa khoti, amalemba m'buku la milandu, ndipo lamulo limakuwerenga ngati munthu amene khoti lamupeza wolakwa n'kumupatsa chilango. Iwe uli kunyumba ukuphika nsima, koma papepala waweruzidwa. Ngati anakudinda zala, nkhaniyo imakalowa ku Criminal Record Centre ku Pretoria. N'chifukwa chake mawu oti "sindinapite kukhoti" sathandiza.

Koma pali mbali ina. Si ndalama iliyonse yolipira kupolisi imene ili chindapusa chotere. Ikhoza kukhala kuti inali belo ya kupolisi mlandu n'kuthera m'malere, ikhozanso kukhaladi ya m'thumba monga akunenera Che Jafali. Ifeyo pano sitingadziwe, ngakhale a Nabanda eni ake sakudziwa. Ndiye asanachonge chilichonse apite ku polisi siteshoni iliyonse ndi pasipoti, alipire ndalama ya police clearance (pepala la apolisi losonyeza ngati uli ndi mbiri ya mlandu), awadinde zala, aone chimene boma likusunga pa dzina lawo. Safunsa anadya phula.

Nabanda (kudzera mwa admin): Zikomo achimwene. Kapepalako ndinakataya kalekale, ndinkaopa kuti bambo angakaone. Koma ndikukumbuka kuti anandipatsa risiti yokhala ndi chidindo. Ndiponso ndiulule, tsiku limenelo dzina ndinawapatsa la kwa amayi, osati la pa pasipoti.

Gondwe wa thiraki (Diepsloot): Risiti ya chidindo? Aaa, imeneyo sinali ya fanta. Wapolisi wakudya sapereka risiti.

Mphatso (Braamfontein): Za dzinazo musadalire. Ku Pretoria safufuza ndi dzina, amafufuza ndi zala. Amalawi ambiri anagwidwa ali John Banda, lero ndi Yusufu wakutiwakuti, koma chala chachikulu ndi chomwecho.

Dalitso Fast Docs: Mayi musavutike. Ine ndili ndi munthu mkati. R3500 timafufuta zonse, masiku asanu clearance yoyera ili m'manja. Ndipezeni ku inbox.

Bambo a Tadala, admin (Randburg): Dalitso ndamutulutsa. Aka n'kachiwiri. Mwezi watha ankagulitsa ma permit.

Anti Grace (Edenvale): Mwachita bwino a admin. Pepala lachinyengo ndi mlandu wina watsopano, waukulu kuposa sopo uja.

Ine ndine namwino, ndinaphunzira konkuno. Nabanda mwana wanga, tamvera. Anthu akamakangana za fomu ya koleji amaiwala kuti koleji si chipata chomaliza. M'kalasi mwathu munali mtsikana wina wanzeru kwambiri, wa kuno komweko, amene ankatiphunzitsa tonse masamu a mankhwala. Pa fomu yolowera anachonga ayi. Chaka choyamba chinadutsa, chachiwiri chinadutsa. Titafika potumizidwa kuchipatala china kukaphunzira ntchito, achipatalawo anafuna police clearance ya aliyense. Yake inabwera ndi kamlandu ka kuba foni ali ndi zaka 19. Atamuitana ku ofesi, nkhani ya foni sanaikambe n'komwe. Anatulutsa fomu yake yakale, kumuonetsa pamene anachonga, ndi pansi pamene anasaina kuti zonse walembazo n'zoona. Anamuchotsa chifukwa cha bodzalo. Fizi ya zaka ziwiri inapita, ndipo amayi ake anali atagulitsa ng'ombe. Ndimamukumbukabe mpaka lero, anatuluka atanyamula yunifomu mu pulasitiki.

Mafomu onsewa pansi pake pali mawu oti ukanama akhoza kukuchotsa nthawi ina iliyonse. Sitiwerenga poti timathamangira kusaina.

Che Jafali (Mayfair): Anti, ndakumvani ndipo ndikupepesa ngati ndinafulumira. Koma tinene zoona. Munthu wa ku Malawi, dzina lachilendo, kenako wachonga inde pa mlandu wakuba. Kalaliki amene akusanja mafomu 500 awerenga kalata yofotokoza? Aponya pambali. Eni dziko amatiyang'ana kale ngati akuba tisanabe n'komwe. Chilungamo chimenechi chimakomera amene ali kwawo.

Anti Grace (Edenvale): Sindikutsutsani kuti tsankho liliko, ndakumana nalo m'mawodi. Akhozadi kumukana. Koma akamukana lero wataya ndalama ya fomu yokha, ndipo makoleji ndi ambiri. Akamugwira chaka chachitatu wataya zaka, fizi, ndi ntchito ya pa kireshi pomwe, chifukwa abwana akewo adzamva.

Aphunzitsi Mbewe (Kempton Park): Ndionjezere za uphunzitsi poti ndi munda wanga. Kuti uphunzitse m'sukulu kuno uyenera kulembetsa ku SACE, bungwe loyang'anira aphunzitsi, ndipo kuyambira mu Januwale 2019 salembetsa munthu wopanda police clearance. Ophunzira uphunzitsi nawonso amalembetsa mongoyembekezera akadali pa koleji. Choncho ngati a Nabanda akufuna kudzafika pophunzitsa Grade R, kalasi ya ana asanayambe Grade 1, pepala la ku Pretoria lidzafika patebulo, afune asafune. Mlandu ukaoneka sikuti basi watsekeredwa. Amakuitana kuti ukafotokoze, amaona mtundu wa mlandu ndi zaka zimene zapita. Chimene amaopa kwenikweni ndi milandu yokhudza ana ndi yogwirira. Imeneyo ili ndi mabuku akeake, National Register for Sex Offenders ndi gawo B la National Child Protection Register, ndipo aliyense wogwira ntchito ndi ana amayenera kufufuzidwa m'menemo. Kuba mkaka sikulowetsa munthu m'mabuku amenewo.

Chondidabwitsa n'chakuti pa kireshi mwagwira zaka zinayi osakufunsani pepala lililonse. Koma imeneyo ndi nkhani ina, makireshi athu a m'makomboni tikuwadziwa.

Mphatso (Braamfontein): Tsopano nkhani yabwino, ndipo a Gondwe mundikhululukire, mwambi wanu uja kuno ku Joni sugwira ntchito kwathunthu. Kuno mlandu wina umaola. Gawo 271B la lamulo lomwe lija limalola munthu kupempha kuti mlandu ufafanizidwe pakatha zaka 10 chiweruzidwireni, ngati chilango chinali chaching'ono, monga chindapusa chosapitirira R20 000, ndiponso ngati m'zaka 10 zimenezo sunamangidwenso n'kupatsidwa ndende yopanda mwayi wolipira chindapusa. A Nabanda anu ndi a Malichi 2014, ndiye zaka 10 zinakwana mu Malichi 2024. R500 ili kutali ndi R20 000.

Kachitidwe kake: mutenge police clearance ija yoonetsa mlanduwo, mudzaze fomu J744 imene ili pa webusaiti ya Department of Justice, mutumize ku ofesi yawo ku Pretoria. Kupemphako n'kwaulere, ndalama imene mumalipira ndi ya police clearance yokha. Akavomera amalembera apolisi kuti achotse, ndipo clearance yotsatira imatuluka yoyera. Za R3500 za Dalitso zija ndi kuba anthu poyera.

Vuto ndi nthawi. Clearance yokha imatenga masabata, kufafaniza kumatenga miyezi. Pofika pa 30 Seputembala mlanduwo udzakhala ukadalipo. Ndiye ngati clearance yaonetsa mlandu, yankho loona pa tsiku losaina fomu ndi inde.

Gondwe wa thiraki (Diepsloot): Iii ndiye ine wanga uola mu 2027? Ndayamba kuwerenga masiku. Bwanji zimenezi satiuza kupolisi komweko?

Mphatso (Braamfontein): 2027 a Gondwe, mukadzapewa renki. Ndipo pa zoti satiuza, makhoti akuluakulu a kuno anafafanizapo milandu ingapo yotere chifukwa wapolisi sanamufotokozere munthu kuti akalipira akhala ndi mbiri ya mlandu. Njira imeneyo iliko koma imafuna loya ndi kuleza mtima. Amene zaka 10 sizinakwane akhoza kukafunsa ku Legal Aid South Africa kapena ku Wits Law Clinic. Kwa a Nabanda J744 ndi yachidule.

Esnart (Rosettenville): Pepani ndilowetse yanga pomwepa. Mchimwene wanga wamng'ono anagwidwa mu 2022 masiku a pa pasipoti atatha, anapita kukhoti, anakhala ku Lindela, malo osungirako oyembekezera kubwezedwa kwawo, anamutumiza kumudzi. Pano ali ku Mzuzu, wapeza malo pa koleji ina kuno ndipo akufuna visa ya sukulu. Iyeyo akuti umenewo si mlandu poti sanabe kanthu. Nanga iye atani?

Mphatso (Braamfontein): Achemwali, ngati anaimirira pamaso pa majisitireti n'kupezeka wolakwa pa gawo 49 la Immigration Act ya 2002, umenewo ndi mlandu ndithu ndipo zala zake zili ku Pretoria. Yakeyo ndi yolemera kuposa ya a Nabanda chifukwa woyang'ana si koleji yokha, ndi Home Affairs, unduna woona za olowa ndi kutuluka m'dziko. Visa ya sukulu imafuna police clearance, ya ku Malawi imachokera ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe, ndipo amene anakhalapo kuno amafufuzidwanso kuno. Chachikulu, munthu amene anathamangitsidwa m'dziko amalembedwa kuti ndi woletsedwa kulowa, mpaka atapempha Home Affairs kuti imuchotsere chiletsocho. Ayambe ndi chimenecho asanalipire fizi. Ndikupemphani muyambitse ulusi wake padera kuti tisasokoneze.

Esnart (Rosettenville): Zikomo, ndilemba mawa. Fizi theka watumiza kale, mutu ukundipweteka.

Yamikani (Leeds): Ndikuwerenga kuchokera kuno ku UK, ndinali wa ku Yeoville zaka zisanu ndi chimodzi. Kuno UCAS, kumene anthu amafunsira malo a ku yunivesite, inachotsa funso la milandu pa maphunziro ambiri kuyambira olowa mu 2019. Ku America nakonso fomu ya Common App inachotsa funsoli chaka chomwecho. Anaona kuti anthu ambiri akangoona funsolo amasiya fomu osamaliza, amadzikana okha asanakanidwe. Koma pa unamwino, uphunzitsi ndi ntchito zosamalira ana funso likadalipo, ndipo amafufuza. Ndiye kulikonse, ukafuna kugwira ntchito ndi ana a eni, mbiri yako idzatsegulidwa.

Nabanda, chimene ndikuopa ine si kukanidwa. Ndikuopa kuti mungasiye fomuyo mu kabati mpaka pa 1 Okutobala.

Braz Kondwani (Hillbrow): Dziko lino Mandela anamaliza digiri ya zamalamulo ku UNISA mu 1989 ali m'ndende. Gayton McKenzie anakhala kundende pa mlandu wakuba ndi mfuti, mu 2024 anamupatsa unduna. Ndiye mayi wa chitini cha mkaka alephere kuphunzitsa ana a e i o u?

Che Jafali (Mayfair): Braz, a Mandela musawaike m'gulu la ife. Ndipo winayo ndi amene amafuula kuti tizipita kwathu.

Braz Kondwani (Hillbrow): Ndi zomwe ndikunenazo. Iye anakhululukidwa, ife sopo.

Bambo a Tadala, admin (Randburg): Ndale ayi abale, malamulo a gulu mukuwadziwa. Tibwerere kwa Nabanda.

Nabanda (kudzera mwa admin): Ndawerenga zonse, ndalira, ndasekanso ndi a Gondwe. Ndipita kupolisi Lolemba. Koma ndikachonga inde, pali mizere itatu yoti ndifotokoze. Ndilembe chiyani? Ndinene kuti mwana anali ndi njala, abwana anali asanandilipire miyezi iwiri? Zinalidi choncho.

Anti Grace (Edenvale): Lemba mwachidule, usalire papepala. Chaka, mlandu, chilango: Malichi 2014, kuba katundu wa m'shopu, chindapusa cha R500 chovomera mlandu, palibenso mlandu wina chiyambire, ndapempha kuti ufafanizidwe. Basi. Ukafuna kutchula za njala ya mwana, chiganizo chimodzi chokha, ndipo chibwere pambuyo pa kuvomera, osati patsogolo. Amene amawerenga amafuna aone munthu amene akuti ndinalakwa, osati amene akuti anandilakwitsa. Kenako umatire kalata ya abwana ako a pa kireshi yonena za zaka zinayi zimene wagwira ndi ana. Kalata imeneyo ndi yolemera kuposa chilichonse ungalembe wekha.

Aphunzitsi Mbewe (Kempton Park): Kutanthauza kuti abwanawo ayenera kuuzidwa. Bola amve kwa inu.

Mphatso (Braamfontein): Chinanso kwa ena amene akuwerenga mwakachetechete, poti ndikudziwa mulipo. Werengani funso mmene lalembedwera. Kumangidwa ndi kupezeka wolakwa n'zosiyana. Ngati mlandu unachotsedwa, kapena anakutumizani ku maphunziro osintha khalidwe a bungwe la NICRO m'malo mokuzengani n'kumaliza bwino, simunapezeke wolakwa, ndipo funso likamati "munapezekapo wolakwa" yankho loona ndi ayi. Koma fomu ina imafunsa ngati munamangidwapo kapena ngati muli ndi mlandu umene ukadali kukhoti, pamenepo yankho lisintha. Ndipo fomu ikapanda kufunsa, palibe chokukakamizani kuyamba kuulula nokha. Amene analakwa ali ana osakwana zaka 18 ali ndi njira yawo pansi pa Child Justice Act ya 2008, milandu ing'onoing'ono imafafanizika pakatha zaka zisanu.

Mayi a Chisomo (Cosmo City): Nanga za bambo a kunyumba palibe akuyankha. Mwana wanga, makalata a ku Pretoria adzafika pakhomo. Uwauze wekha, usiku, ana atagona. Ngati ukuopa, tenga achemwali ako aja analipira R500 akhale pomwepo. Mwamuna amene angakusiye chifukwa cha mkaka umene unabera mwana, ameneyo ankafuna kale pothawira.

Che Jafali (Mayfair): Apa ndiye ndisalowererepo. Ine akazi anga sadziwa ngakhale theka la zimene ndinachita ku Park Station ndikungofika kumene.

Gondwe wa thiraki (Diepsloot): Che Jafali kadindeni zala nanunso tione.

Che Jafali (Mayfair): Ine ndimasoka makatani a Gondwe, makina safunsa clearance.

Braz Kondwani (Hillbrow): Chenjezo limodzi lokha. Amene masiku anatha pa pasipoti musathamangire kupolisi kukafunsa clearance chifukwa mwawerenga apa. Mukalowa ndi miyendo yanu n'kutulukira ku Lindela ku Krugersdorp. Nabanda mapepala ake ali bwino, n'chifukwa chake akumuuza kuti apite.

Bambo a Tadala, admin (Randburg): Abale, ndikudzutsa ulusi uwu poti papita masabata asanu ndipo Nabanda watumiza uthenga:

"Clearance inatuluka Lachinayi lapitali. Mlandu ulipo, kuba, 2014, chindapusa R500, ndipo dzina la kwa amayi lija alilemba pambali pa dzina langa lenileni. Ndinakhala pa benchi panja pa siteshoni mwina ola lathunthu. Abwana ndinawauza, anangoti bwanji sunanene kale, kalata analemba tsiku lomwelo. Fomu ndinachonga inde, ndinalemba monga ananenera Anti Grace, ndinakapereka ndekha Lolemba. J744 ndatumiza ku Pretoria dzulo, achimwene a Mphatso anandionera ngati ndadzaza bwino. Akoleji andiimbira kuti ndipite pa 14 Okutobala ndikaonane ndi akuluakulu awiri, sanandiuze kuti ndatengedwa kapena ayi. Bambo a kunyumba sindinawauzebe. Achemwali abwera Loweruka."

Anti Grace (Edenvale): Pa 14 ndili off. Undiuze nthawi kudzera mwa admin, ndidzakudikira pa geti. Utenge clearance yeniyeniyo ndi fotokope ziwiri zodindidwa, ndi risiti yotumizira J744.

Gondwe wa thiraki (Diepsloot): A Mphatso, fomu ija mwati J chiyani? Ndilembe pakhoma.

Mphatso (Braamfontein): J744. Koma inu mpaka 2027, musatumize msanga adzakubwezerani.